Boma Lochokera

Ine ndimakhala kuseri kwa windo lachitatu,
pakati pa chidindo ndi mafayilo othothoka zikuto.
Zaka khumi ndi zinayi ndikulandira mafomu kunsi kwa phiri lino.

Pa fomu pali kabokosi kotalika ngati chala changa:
Boma lochokera.

Lolemba kunabwera Lusubilo Namate.
Anaima, cholembera chili m'malere.
Anati, "Bambo ndi a ku Phalombe,
kumene amati mwana ndi wa kuchikazi.
Mayi ndi a ku Karonga,
kumene amati mwana ndi wa kuchimuna.
Mchombo wanga unagwera m'nyumba za apolisi ku Mchinji,
mayeso ndinalembera ku Nsanje.
Ndilembe chiyani?"
Ndinati, "Lembani kumene mudzaikidwe."
Anaseka. Kenaka anasiya kuseka.
Mzere kumbuyo kwake unali utafika pa mtengo wa jakaranda.

M'chipinda chapamwamba akuluakulu ali pa msonkhano.
Mawu awo amatsika pamodzi ndi fungo la tiyi wamkaka:
kusiyanasiyana, osasiya wina m'mbuyo, mwayi wofanana.
Wina akuti mwana wa mapointi asanu ndi anayi
asatsale chifukwa choti kwawo okhoza achuluka.
Wina akumenya tebulo:
nanga wa sekondale yoyendera ya kuseri kwa Chikala,
amene labotale anaiona m'buku mokha,
mapointi ake makumi awiri sakulemera kuposa apo?
Onsewo akunena zoona,
n'chifukwa chake msonkhanowu sutha.

Pansi pa masitepe
Tiyezge wakhala pa njinga yake chiyambire naini koloko.
Ofesi yomuthandiza ili pamwamba,
masitepe makumi awiri ndi atatu, wawawerenga.
Anzake akatuluka m'kalasi amunyamula,
wina kutsogolo, wina kumbuyo,
ngati thumba la feteleza,
kuti akasainire pepala lonena kuti pano timalandira aliyense.

Asiyatu wa ku Chinamwali wafunsa kachitatu
ngati mayeso a Lachisanu masana angasunthe pang'ono
kuti akaswali.
Pempho lake ndinadinda. Lili mu thireyi.
Fumbi nalo lasainapo.

Mwayiwawo, wa khungu lachialubino, sanapemphe zambiri:
bedi la pasukulu pompano,
poti njira ya ku Chikanda kukada
amayenda khosi lili cham'mbuyo.
Pa fomu ya malo ogona
palibe kabokosi ka mantha.

Chaka chatha kunabwera wojambula.
Anatola asanu ngati akusankha tomato pa Mpondabwino:
wa mpango kumutu, wa ndodo yoyera,
wa kumpoto, wa kuchigwa, ndi mtsikana wa masamu.
Anawaimika pa kapinga, phiri kumbuyo.
"Sekererani!"
Chithunzicho chili pa kalendala pamwamba pa mutu wanga.
Wa ndodo yoyera uja anabwerera kwawo ku Jali mu Meyi
ndalama ya chakudya itamuthera.
Pa kalendala asekererabe mpaka Disembala.

Koma ndisaname, ndaonanso zina.
Tsiku lina mvula itatsekereza ana pakhonde
ndinamva Chisena chikubwereka chaja kwa Chitumbuka,
Chiyao chikufunsa Chilomwe yankho la nambala folo,
mwana wa msodzi wa ku Kachulu
akuphunzitsa mwana wa bwana wa banki
kugawa bonya wa sabata imodzi kuti akwane mwezi.
Palibe anawaitanira msonkhano.
Palibe analandira alawansi.

Lusubilo anabweza fomu itakwana folo koloko.
M'kabokosi muja anapanikizamo maboma onse anayi,
timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere,
Nsanje itasefukira m'mphepete mwa pepala.

Kompyuta imalandira limodzi.

Ndinayang'ana nkhungu ikutsetsereka ku Mulunguzi.
Ndinadina Phalombe, monga tinazolowera.
Atatu enawo anagwera pansi pa desiki.
Mawa m'mawa mayi Nachuma adzawasesa
pamodzi ndi zosongola za pensulo.